Musawasiyitse mankhwalawo, achemwali

Achemwali, chonde musawasiyitse bambo anu odwala chiwindiwo mankhwala a lactulose chifukwa choti akupita kuchimbudzi pafupipafupi. Ife tinalakwitsa pomwepo ndi achimwene anga, mpaka pano mtima umandiwawa.

Achimwenewo chiwindi chinawonongeka ndi matenda a hepatitis B, mowa sankamwa n'komwe. Potuluka ku Queens anatipatsa botolo la lactulose, manyuchi otsekemera aja. Kenaka kunabwera azakhali athu kuchokera kumudzi. Atangoona munthu akuthamangira kuchimbudzi anayamba kukalipa kuti tikumupha, akutha thupi. Botolo analibisa. Ine ndinkalawirira kuntchito ku Limbe, palibe anandiuza.

Achimwene masiku anayi osachita chimbudzi. Usiku osagona, masana tulo tokhatokha. Lachisanu usiku ndinawapeza ataima pabalaza akukodza pakona, akundiitana dzina la mayi athu amene anatisiya kalekale. Nditawatambasula manja, ankangogwedezeka ngati mapiko a nkhuku. M'kamwa fungo lachilendo. Mwana wawo wa zaka 6 akuwagwira malaya akulira, iwo kumuyang'ana ngati mwana wa eni. Ndiye azakhali aja ali pomwepo n'kumati walodzedwa, tiitane mneneri! Munthu wabisa mankhwala yekha, n'kumalozanso anthu ena zala. Sanapepese mpaka lero. Galimoto tinaisaka mu Ndirande 2 koloko usiku, pofika kuchipatala achimwene sankayankhanso.

Adokotala ndi amene anatimasulira. Chiwindi chikadwala chimalephera kusefa poizoni wotchedwa ammonia amene amapangika m'matumbo, ndiye amayenda ndi magazi mpaka ku ubongo. Lactulose amakokera madzi m'matumbo kuti chimbudzi chifewe, komanso amatsekereza ammonia uja momwemo kuti atuluke nacho. Kwa munthu wa chiwindi, kupita kuchimbudziko ndiye mankhwala ake. Anawapatsira pa chubu cha m'mphuno, tsiku lachiwiri anatsegula maso n'kupempha phala. Ndinalira ngati mwana.

Chofunika n'choti azichita chimbudzi chofewa kawiri kapena katatu patsiku. Koma ngati ndi madzi okhaokha kasanu kapena kuposa, pamenepo mlingo ufunika kuchepetsako, chifukwa kutha madzi m'thupi nakonso kumasokoneza mutu. Musangochepetsa mwa inu nokha, pitani nawo kuchipatala mawa lomwe akakuuzeni mlingo. Kufufuma mimba ndi mpweya kumachitika masiku oyamba, zisakuopseni. Mapiritsi ogonetsa musawapatse ngakhale asagone usiku wonse. Chimbudzi chikakhala chakuda ngati phula, kapena akasanza magazi, musadikire kucha.

Akuluakulu akabwera kudzazonda musakangane nawo, alandireni bwinobwino, nawonso ndi chikondi. Koma botololo muzisunga inuyo m'chikwama chanu, ndipo muziwamwetsa ndi dzanja lanu.