5S sichokera mu 45S, manotsiwo atayeni

Achemwali, ngati manotsi mwagulawo akuti ma rRNA onse anayi (18S, 5.8S, 28S ndi 5S), omwe ndi ma RNA a mu raibosomu yopangira mapuloteni m'maselo athu, amadulidwa kuchokera mu RNA imodzi yaitali yotchedwa 45S, atayeni lero lomwe. Bodza limenelo ndi lomwe linandigwetsa ine. Mnyamata wina wa tyushoni ku Kalingalinga ankatilipiritsa mwezi ndi mwezi, kumalankhula molimba mtima, pomwe za bakiteriya ndi za maselo athu anaziphatikiza pamodzi. Mu bakiteriya inde, 16S, 23S ndi 5S zimatuluka pa RNA imodzi yaitali. Mwa ife si choncho.

Tsiku la mayeso funso lalikulu linali loti tifotokoze m'mene 60S, gawo lalikulu la raibosomu, imapangidwira. Ndinasangalala, ndinadzaza tsamba lonse ndi zomwe anatiphunzitsa, mpaka kujambula raibosomu yathunthu ikutuluka mu nucleolus, kagawo ka mkati mwa nyukiliyasi ya selo. Titatuluka, mnzanga akumwa madzi pakhonde anangondifunsa kuti, "Nanga Pol III waiika pati?" Ankanena RNA polymerase III, enzaimu imene imapanga 5S. M'mimba munatentha. Ndinatsegula buku la mnzangayo pomwepo, manja akunjenjemera, zonse zili poyera pa chithunzi chimodzi. Mu minibasi ndinalira mpaka kondakitala anasiya kundifunsa ndalama. Ndinagwa, ndinalemba sapu. Ndalama zimene zinapita kwa munthu ameneyo ndi zomwe amayi ankapeza pogulitsa tomato ku msika wa Soweto, kudzuka kusanache. Nditamuimbira anati ndine amene sindinamvetse, kenako anandibuloka. Mpaka lero akuphunzitsabe ana a anthu, ndipo zimandiwawa.

Zoona zake ndi izi. Mu nucleolus, RNA polymerase I imapanga 45S, imene imadulidwa n'kupereka 18S, 5.8S ndi 28S. Ma snoRNA, ma RNA ang'onoang'ono a mu nucleolus, ndi amene amalozera malo a pa rRNA oti asinthidwe, a mtundu wa C/D pa methylation, a mtundu wa H/ACA pa pseudouridine. 5S imapangidwa payokha ndi polymerase III kunja kwa nucleolus, n'kubwera kudzalowa mu 60S pamodzi ndi 5.8S ndi 28S. 18S yokha ndiyo ya 40S, gawo laling'ono la raibosomu. Mapuloteni a raibosomu amapangidwa mu cytoplasm, amalowa mu nyukiliyasi, ndipo 40S ndi 60S zimatuluka padera padera kudzera m'ma nuclear pore, mabowo a nyukiliyasi. Zimakumana pa mRNA basi, RNA yonyamula uthenga wopangira puloteni, n'kukhala 80S. Musawonkhetse 40 ndi 60 kuti 100, S ija imayeza liwiro lomwe chinthu chimakhazikika nalo mu centrifuge.

Za mRNA musaziope. Polymerase II ikamaipanga, kumutu kwa 5' kumaikidwa kapu ya 7-methylguanosine, kumapeto kwa 3' mchira wa ma adenine pafupifupi 200. Spliceosome, makina odula RNA okhala ndi tizigawo U1, U2, U4, U5 ndi U6, imachotsa intron, chidutswa chosafunika mu mRNA yomaliza, imene imayamba ndi GU n'kutha ndi AG, ndipo intron imatuluka itapindika ngati chingwe cha msampha. Mukatchulako Roberts ndi Sharp, amene anatulukira ma intron mu 1977 n'kulandira Nobel mu 1993, mayankho anu amaoneka kuti munawerengadi.

Musaloweze manotsi a munthu aliyense, tengani buku la ku laibulale mujambule nokha njira yonseyi mpaka muimvetse. Koma manambalawa alowezeni usiku uno, palibe kuchitira mwina. Ndipo pezani wa chaka chachitatu amene anakhoza kosiyi akufunseni mafunso, ngakhale mumulipire pang'ono, bola muone kaye giredi yake ndi maso anu.