Funsani Azakhali: Tikufuna hanimuni ya ku chipale chofewa, tipite tauni iti?

FUNSO

Azakhali moni. Ndine mtsikana wa zaka 28, ndimakhala ku Katoto konkuno ku Mzuzu ndipo ndine namwino. Chinkhoswe tinachita chaka chatha, ukwati uliko mu Ogasiti. Kuyambira ndili mwana ndimalakalaka nditagwira sinowo ndi manja angawa, ija timangoiona m'mafilimu a Khirisimasi ija, ndiye ine ndi bwenzi langa tinagwirizana kuti hanimuni yathu ikhale ya ku tauni ya ski, masewera otsetsereka pa sinowo utavala timatabwa kumapazi aja. Takhala tikusunga ndalama kwa zaka ziwiri, zina ku banki nkhonde zina ku akaunti. Vuto ndi loti ine mtima uli pa Zermatt chifukwa cha zithunzi za pa Instagram, iwo akuti Chamonix poti mnzawo wa kuntchito anapitako. Tonse sitinavalepo ski chibadwire. Tisankhe iti Azakhali, tisanayambane ukwati usanachitike?

Mkwatibwi wa ku Katoto

YANKHO

Mwana wanga, choyamba ndikuyamikireni nonse awiri, kusunga ndalama zaka ziwiri osazigwira mmene zinthu zakwerera mitengomu si masewera ayi. Ndipo munthu asakusekeni kuti Mmalawi ndi sinowo wapi ndi wapi, maloto ndi anu, thukuta ndi lanu.

Koma nkhani yanuyi mwaiyambira kumchira. Musanakangane za tauni yang'anani kaye kalendala. Ukwati mu Ogasiti eti? Ku Ulaya Ogasiti ndi nthawi yotentha, anthu amakhala ali m'makabudula, ku Zermatt ndi ku Chamonix komwe mukapeza udzu wobiriwira ng'ombe zikudya, chipale chofewa chili pansonga za mapiri pokha. Nyengo ya ski kumeneko imayamba mu Disembala mpaka Malichi kapena Epulo. N'zoona ku Zermatt kuli malo apamwamba kwambiri komwe chipale sichisungunuka chaka chonse, koma tauni yoyera mbuu mukuiona pafoniyo, madenga atakwiririka nyale zikuwala madzulo, imeneyo ndi ya Januwale ndi Febuluwale. Ndiye mukafuna Ulaya muyenera kudikira miyezi isanu ukwati utachitika, mukafuna kunyamuka pelekanipelekani atangotha ndiye kuli kwina komwe ndikuuzeni kutsogoloku.

Chachiwiri, nonse simudziwa ski. Izi musachite nazo manyazi koma zikuthandizeni posankha. Munthu woyamba kumene amatha maola awiri kapena atatu pa chipale basi miyendo yalema, nsapato zake ndi zolimba ngati chitsulo, ndiye maola ena onse a tsikulo mukhala mukutani? Pamenepo ndi pamene pagona hanimuni. Sankhani tauni yoti olo osavala ski tsiku lonse mukasangalalabe, yoti mutha kuyenda wapansi mutagwirana manja, kukwera sitima kukaona mapiri, kubwera kudzakhala pamoto.

Pa muyeso umenewu, pa ziwiri mwatchulazi ine ndili mbali yanu mwana wanga, akamwini athuwo andikhululukire. Zermatt ili ku Switzerland m'tsinde mwa phiri la Matterhorn lotalika mamita 4,478, lija losongoka ngati dzino lija. M'tauni imeneyi salola galimoto za petulo kapena dizilo, anthu amasiya galimoto pa mudzi wa Täsch n'kukwera sitima, mkatimo mumangoyenda timagalimoto tamagetsi ndi anthu apansi, ndiye tangoganizani tauni yopanda hutala, yopanda utsi, usiku chomwe ukumva ndi mapazi ako akuphwanya chipale basi. Kuli sitima yokwera phiri ya Gornergrat yomwe inayamba kuyenda mu 1898, imakutengani pa theka la ola kukakusiyani pamtunda wa mamita 3,089 pomwe mapiri onse amaoneka atandanda, ndipo simufunika kudziwa ski kuti mukwere, agogo ndi ana omwe amakwera. Madzulo mukadye fondue, tchizi chosungunula mumphika chomwe mumasunsa buledi nonse awiri mumphika umodzi. Chovuta chake ndi chimodzi koma chachikulu, Switzerland ndi limodzi mwa mayiko odula kwambiri padziko lonse ndipo Zermatt ndi yodula olo kwa eni akewo. Kapu ya khofi yokha mukaisintha m'makwacha mutha kuibweza. Ena amagona ku Täsch komwe hotelo n'zotsikirako n'kumalowa m'tauni pasitima m'mawa.

Chamonix si yoipa ayi. Ili ku France pansi pa Mont Blanc, phiri lalitali kuposa onse a Alps, pafupifupi mamita 4,800, ndipo ndi komwe kunachitikira masewera oyamba a Olympics a m'nyengo yozizira mu 1924. Kuchoka pabwalo la ndege la Geneva ndi ulendo wa ola ndi pang'ono pagalimoto. Kuli tingolo toyenda pachingwe m'mwamba tokafika pa Aiguille du Midi, mamita 3,842, komanso kasitima kofiira ka Montenvers. Koma mbiri ya Chamonix ndi ya akatswiri, malo ake ambiri otsetsereka ndi ophedi zedi komanso ndi otalikirana, mumakwera basi kuchoka pena kupita pena, ndipo tauni yake ndi yapiringupiringu, achinyamata okwera mapiri ali ponseponse. Mnzawo wa akamwiniyo mwina anakasangalala chifukwa anapita ndi anyamata anzake, hanimuni ndi nkhani ina.

Thumba likakana Alps musataye mtima, kuli Zakopane ku Poland m'mapiri a Tatra, maola awiri kapena kuposerapo pang'ono kuchoka ku Kraków, nyumba zamatabwa zokongola, ngolo zokokedwa ndi mahatchi pa chipale, madzi otentha osambira m'midzi yapafupi, ndipo mitengo yake ndi yotsika kwambiri poyerekeza ndi Switzerland. Kulinso Bansko ku Bulgaria. Cortina d'Ampezzo ya ku Italy ndi yokongola koma nayonso ndi ya anthu a ndalama.

Tsopano za mapepala, apa mvetserani bwino chifukwa ndi pamene maulendo ambiri amafera. Mayiko onsewa amafuna viza ya Schengen, viza imodzi yolowera mayiko ambiri a ku Ulaya. Mtengo wake ndi mayuro 90 munthu mmodzi ndipo akakukanani ndalamayo sabweza. Amafuna inshuwalansi ya zachipatala yosachepera mayuro 30,000, masitetimenti a ku banki, kalata ya kuntchito, umboni wa kogona ndi wa ndege. Ndalama za ku banki nkhonde zija sizioneka pa sitetimenti, ndiye zilowetseni ku akaunti nthawi ikadalipo, osati kuponyamo chimtolo sabata yofunsira viza, zimadabwitsa. Mutha kufunsira miyezi isanu ndi umodzi ulendo usanafike ndipo yankho nthawi zambiri limatenga masiku 15, nthawi zina kuposa. Inshuwalansiyo muwerenge ngati ikuphimbanso ngozi za ski chifukwa zambiri sizitero pokhapokha muwonjezere, ndipo inu monga namwino mukudziwa kuti bondo likapotoka si nkhani ya panado. Dzina la pa tikiti likhale lomwe lili mu pasipoti, musathamangire kulemba dzina la amuna anu pa tikiti pasipoti ikadali ya dzina la bambo anu. Za foreksi nonse mukudziwa mmene zikuvutira kuno, yambani kufunsa ku banki yanu msanga.

Nanga mukafuna kunyamuka mu Ogasiti momwemo? Apa ndi pamene mtima wanga uli. Chipale chofewa chiliko konkuno ku Africa, ku Lesotho, pa malo otchedwa Afriski m'mapiri a Maluti, pamtunda woposa mamita 3,000, ndipo nyengo yake ndi Juni mpaka Ogasiti, nthawi yomweyi ife timakhala tikunjenjemera ku Mzuzu kuno. Mumakwera ndege pa Kamuzu International Airport mpaka Johannesburg, kuchoka apo ndi maola anayi ndi theka kapena asanu pagalimoto, kudzera ku Fouriesburg, kulowa pa boda ya Caledonspoort, kudutsa Butha-Buthe kenako kukwera msewu wokhotakhota wa Moteng. Ku South Africa timalowa ndi pasipoti yokha kwa masiku 30, ku Lesotho nakonso safuna viza kwa ife, ndipo randi imagwira ntchito konko limodzi ndi ndalama yawo ya loti.

Ine ndinafikako zaka zingapo zapitazo ndi mwana wa achemwali anga amene amakhala ku Joni. Chomwe sindidzaiwala ndi m'mawa woyamba, nditatsegula chitseko mpweya unandibaya m'mphuno ngati singano, ndinavula golovesi n'kutapa chipale, chopepuka ngati ufa woyera, koma pasanathe mphindi zala zinayamba kuwotcha ngati ndagwira mbaula. Pamsewu tinakumana ndi abusa a nkhosa atafunda mabulangete awo okongola aja, nkhope yophimba maso okha akuoneka. Pamalo ophunzirira panali banja lina lachinyamata, mkazi akagwa mwamuna n'kugwanso pofuna kumudzutsa, onse kuseka mpaka misozi, ndinaima kuwaonerera kwa nthawi ndithu, ndipo nditawerenga kalata yanu ndi iwowo amene anandibwerera m'mutu.

Ndikuuzeni zoona zake kuti musakakhumudwe, Afriski si tauni, ndi malo aang'ono, potsetsereka pake penipeni ndi pafupifupi kilomita imodzi, ndipo chipale china amachita kupanga ndi makina, nthawi zina mapiri ozungulira amakhala a udzu wouma mzere woyera uli pakati pokha. Kwa katswiri n'zochepa, kwa inu oyamba kumene n'zokwanira ndi kutsala. Kumapeto kwa Ogasiti chipale chimakhala chikutha, ndiye ngati ukwati uli kumayambiriro kwa mwezi bola, ndipo musanalipire kalikonse alembereni kufunsa ngati atsegula komanso tsiku lomwe akutsekera. Mbali ya tauni yachikondiyo mukaipeza ku Clarens, katauni kakang'ono ka m'chigawo cha Free State ku South Africa kufupi ndi boda komweko, kali ndi malo odyera, mashopu a zojambulajambula, zipinda zokhala ndi poothera moto, ndipo Golden Gate Highlands National Park ili pafupi. Ine ndikanakhala inu ndikanagona masiku awiri ku Afriski, atatu ku Clarens. Pamtunda wa mamita 3,000 mpweya umachepa, tsiku loyamba mutu utha kupweteka ndi kupuma mwawefuwefu, imwani madzi ambiri, mowa ayi, ndipo ngati pofika nthawiyo muli oyembekezera ski isiyeni kaye muonane ndi adokotala musananyamuke.

Mukasankha kudikira Januwale kuti mukaone Zermatt yanuyo, musangochoka ku holo n'kubwerera ku ntchito Lolemba. Nyika ili pakhomo pathu pompa, kudzera ku Rumphi kulowa pa geti ya Thazima mpaka ku Chelinda. Sinowo kulibe, koma m'miyezi yozizira m'mawa chisanu chimayera pa udzu, mbidzi ndi nchefu zikudya chapafupi, usiku moto uli lawilawi. Pamafunika galimoto yamphamvu poti msewu wake ndi wafumbi.

Chomwe ndikukanizani ndi chimodzi, katapila kapena loni ya pa salale chifukwa cha ulendo wa sabata imodzi. Khalani pansi ndi akamwini athuwo, lembani tikiti, kogona, chakudya, viza, inshuwalansi, kuhaya zipangizo, mphunzitsi wa ski ndi tikiti yokwerera phiri yomwe imalipiridwa payokha tsiku lililonse, muwonjezerepo kangachepe ka mwadzidzidzi. Ndalama munasungazo zikakwana Zermatt pitani mu Januwale Khirisimasi ndi Nyuwere zitadutsa poti mitengo imatsikako. Zikapanda kukwana, Lesotho mu Ogasiti.

FUNSO LINA

Azakhali, ine ndikupita ku maphunziro ku Austria mu Febuluwale ndipo mayi akunyumba adzanditsatira kuti tikachite kahanimuni komwe sitinachite zaka 10 zapitazo. Zovala za kozizira choncho tigule kuno kapena konko?

Bambo wa ku Luwinga

YANKHO

Zikomo bambo pokumbukira mayi patatha zaka 10, ambiri sachita. Zambiri gulani konkuno. Pitani pa kaunjika mumsika wa Mzuzu kapena ku Zigwagwa, majekete onenepa aja amachokera kumayiko ozizira komweko ndipo m'miyezi yotentha amatsika mtengo poti palibe akuwafuna. Sankhani jekete yosalowa madzi, yang'anani zipi ngati ikutseka mpaka kukhosi. Chinsinsi ndi kuvala mosanjikiza, kamkati kothina kogwira thupi, juzi pamwamba, kenako jekete, ndipo kamkatiko kasakhale ka thonje chifukwa thonje likanyowa ndi thukuta limazizira pathupi. Jinzi pa chipale ayi, imanyowa n'kuuma gwa. Musaiwale magolovesi osalowa madzi, chipewa chophimba makutu, masokosi aubweya, magalasi a dzuwa ndi mafuta oteteza khungu, inde olo ife akuda, dzuwa likawala pa chipale limabwerera kumaso ndipo milomo imang'ambika. Ski, ndodo zake, nsapato ndi chisoti musagule, zimenezo mumahaya konko patsiku. Mayiwo muwagulire nsapato zoyendera za mphira wokhakhala pansi, chifukwa m'misewu ya m'tauni chipale chikaundana chimaterera kuposa matope a ku Masasa mvula ikagwa.