Kuyankha achemwali aku Luchenza pa nkhani ya hypnosis

Achemwali mwafunsa zinthu ziwiri, choyamba ngati hypnosis yomwe mukuiona m'mavidiyo a pa TikTok ndi yeniyeni kapena ndi zamatsenga, chachiwiri ngati ndi imeneyo yomwe anawapanga azakhali anu pa depoti mpaka kupereka okha foni ndi ndalama za tomato kwa anyamata awiri osawadziwa. Ndaona ambiri muno angolemba kuti satanic n'kudutsa, ndiye mundipirire ndilemba zazitali pang'ono.

Hypnosis ilipodi, koma si ufiti ndipo si tulo ngakhale munthuyo amaoneka ngati wagona. Akamuyeza ubongo ndi makina amapeza kuti ali maso bwinobwino, akumva zomwe zikuyankhulidwa. Chomwe chachitika n'choti maganizo ake onse aunjikana pa chinthu chimodzi, zina zonse zapita kutali. Mukudziwa mmene amakhalira abambo akunyumba Bullets ikamasewera ndi Wanderers, khutu lili pa wailesi, mwawaitana katatu kuti nsima yapsa osamva, udzudzu ukuwaluma mwendo osaumvanso? Ndi zapafupi ndi zimenezo. Kusiyana kwake n'koti pa hypnosis pali munthu wina amene akukutsogolera ndi mawu, ndipo ukafika pamenepo zomwe akunena umazilandira mosavuta, kamtima kofunsa kuti "zoona zimenezi?" kamakhala katafatsa.

Kachitidwe kake n'kosadabwitsa n'komwe. Amakukhazika pampando, akuti yang'ana kadontho kaja pakhomapo, puma pang'onopang'ono, zikope zikulemera, ndiwerenga kuchoka pa 10 kutsika mpaka 1. Kenako amayamba kukuuza zoti uganizire, mwachitsanzo kuti dzanja lako lamanja waliviika m'madzi ozizira a ku Likhubula m'mwezi wa June, layamba dzanzi, ndipo dzanzi limenelo ulitengere pa tsaya pomwe dzino likuwawa. Kwa ena dzanja limachitadi dzanzi. Palibe mankhwala, palibe kutemera, palibe chithumwa, ndi mawu basi ndi munthu amene wavomera kutsatira. Ukakana mumtima kapena ukamangoseka sizitheka.

Komanso si onse amene zimawagwira mofanana. Ku yunivesite ya Stanford ku America anakonza muyeso wake mu 1959, ndipo zomwe zimapezeka n'zoti pa anthu 100 alionse, pafupifupi 10 mpaka 15 ndi amene amalowa kwambiri, ena ochepa sizimawagwira n'komwe, ambirife tili pakatikati. Ana amalowa msanga kuposa akuluakulu. Nde za m'mavidiyo zija munthu akulira ngati tambala pa siteji, dziwani kuti wochititsayo amayamba wasefa gulu lonse n'kutsala ndi omwe akumvera msanga komanso okonda kuonetsa, enawo amawabweza kukakhala pansi ndipo mbali imeneyo sakuikani mu vidiyo.

Zoti ndi mphamvu yachilendo azungu nawonso ankakhulupirira kale. Dokotala wina wa ku Germany, Franz Mesmer, anatchuka ku Paris ponena kuti ali ndi mphamvu ngati ya maginito yotuluka m'thupi mwake yochiza matenda, anthu ankagwa, kunjenjemera, ena kukomoka. Mu 1784 mfumu ya ku France, Louis XVI, inasankha akatswiri kuti afufuze, mmodzi mwa iwo anali wasayansi wa ku America Benjamin Franklin. Anachita zanzeru kwambiri. Wophunzira wa Mesmer "anaika mphamvu" mu mtengo umodzi m'munda, iwo n'kumumanga mnyamata wina nsalu kumaso n'kumamupititsa pa mitengo ina. Mnyamata uja anakomoka pa mtengo womwe sunakhudzidwe n'komwe. Akatswiri aja anagamula kuti maginito kulibe, chomwe chikugwetsa anthu ndi zomwe akuyembekezera m'mutu mwawo. Ife a ku Mulanje ndi Thyolo izi tisamazione ngati zakutali, mu 2017 nthawi ya mphekesera za anamapopa anthu ankadzuka thupi lili lefu, mtima ukuthamanga, akulumbira kuti apopedwa, mpaka anthu osalakwa anaphedwa. Sinali hypnosis imene ija, koma muzu wake ndi womwewo, mantha ndi chiyembekezo zimafika mpaka m'thupi.

Amene anachotsa hypnosis ku zamatsenga n'kuibweretsa ku chipatala ndi James Braid, dokotala wa ku Scotland yemwe ankagwira ntchito ku Manchester, cha m'ma 1840. Nthawi yomweyo dokotala winanso wa ku Scotland, James Esdaile, ankachita maopareshoni ku India kuyambira 1845, kuchotsa zotupa zikuluzikulu odwala atawalowetsa mu mkhalidwe umenewu, poti mankhwala ogonetsa kunalibe. Mankhwala ogonetsa a chloroform atabwera mu 1847 madokotala anathamangira kumeneko, n'zomveka, mankhwala amagwira aliyense pomwe hypnosis imasankha. Koma sinafe, bungwe la madokotala la ku Britain linaivomereza mu 1955.

Pomwe imathandiza kwambiri ndi pa ululu, ndipo apa ndi pomwe ine pamandisangalatsa. Ululu uli pawiri, pali kumva kuti pakuwawa ndiye pali kuzunzika nako. Mu 1997 ku Montreal m'dziko la Canada, wofufuza Pierre Rainville ndi anzake anaviika manja a anthu m'madzi otentha uku akujambula ubongo. Atawauza ali mu hypnosis kuti kutenthako sikukuwasautsa, mbali ya ubongo yokhudza kuzunzika inatsika ntchito, pomwe mbali yomva kutentha inali chimodzimodzi. Ndiye kuti madzi akuwamva kuti ndi otentha koma sakuvutika nawo kwenikweni. N'chifukwa chake amaigwiritsa ntchito potsuka mabala a moto, kwa dokotala wa mano, kwa ana oopa jakisoni, ngakhale kwa azimayi ena pokonzekera kuchira. Ku Liège m'dziko la Belgium akhala akuchita maopareshoni a chithokomiro kuyambira m'ma 1990 munthu ali maso, koma tamverani bwino, amabayabe jakisoni wa dzanzi pamalopo ndi kamankhwala pang'ono, hypnosis imangochepetsa mantha ndi kuchuluka kwa mankhwala. Imathandizanso pa nkhawa, kusowa tulo, ndi vuto lina la m'mimba lomwe munthu amangotupidwa, kutsegula kapena kudzimbidwa koma akamuyeza osapeza kanthu. Za kusiya fodya anthu amazitama kwambiri koma kafukufuku sanaonetse kuti imaposa uphungu wamba.

Malungo, TB, shuga, BP, khansa, HIV, izi ayi. Wina akakuuzani kuti siyani ma ARV kapena mankhwala a khunyu ndikupangani hypnosis, mutumize kaye ndalama pa foni, ameneyo ndi wakuba. Komanso munthu amene ali ndi matenda a maganizo oti amamva mawu kapena kuona zinthu zomwe kulibe asayese zimenezi, apite kuchipatala cha boma akaonane ndi a zamaganizo, iwo ndi amene amadziwa ngati n'kofunika kumutumiza ku Zomba.

Tsopano za azakhali. Ine sindikukhulupirira kuti inali hypnosis, chifukwa hypnosis imafuna nthawi, bata ndi munthu wofuna yekha, sizoti wakugunda paphewa pakati pa phokoso la ma minibasi basi wapereka chikwama. Anyamata amenewa amadalira kukusokoneza ndi kukuopseza. Mmodzi amafunsa njira kapena kunamizira kuti ndi mneneri, akuti mayi ndikuona imfa pakhomo panu, winayo amabwera ngati wodutsa n'kuchitira umboni kuti abusa awa anandithandiza ine. Amayankhula mothamanga osakupatsa mpata woganiza, kenako akuti ikani zonse mu jumbomu tipempherere, yendani masitepe angapo osacheuka. Pocheuka apita. Munthu wamkulu woleredwa mwaulemu zimamuvuta kumudula mawu munthu amene akutchula dzina la Mulungu, ndipo akubawo amadziwa zimenezo. Pambuyo pake manyazi amakugwira, ndiye kunena kuti anandizunguza mutu ndi mankhwala kumapepuka kusiyana ndi kunena kuti anandipusitsa. Musawaseke azakhaliwo chonde, zimachitikira ngakhale aphunzitsi ndi anamwino.

Wina pamwambapa wati apite nawo kwa munthu wa hypnosis kuti akakumbukire nkhope za akubawo. Musatero. Ubongo sukhala ngati memory card yoti ungobwezera m'mbuyo, ndipo munthu ali mu hypnosis amatha kupanga chikumbumtima chabodza n'kuchikhulupirira ndi mtima wonse, makamaka wofunsayo akamamutsogolera kuti anali wamtali eti, anavala jekete yofiira eti. N'chifukwa chake makhoti ambiri kunjaku saulandira umboni wotere kapena amaukayikira kwambiri. Kwathu kuno mukudziwa zomwe zimachitika munthu akalozedwa chala pamsika kuti wakuba ndi uyu, anthu safunsa kawiri.

Chomwe mungachite panopa, pitani nawo akatseketse SIM ija msanga asanayambe kuimbira abale kupempha ndalama m'dzina lawo, asinthe PIN ya ndalama za pa foni, ndipo mukanene ku polisi. Ngati bokosi la foni likadalipo mulitenge, pamakhala nambala ya IMEI yomwe apolisi amaifunsa.