Funsani, Tikuyankheni: Chilembwe Asanagwire Mfuti

Funso: Pa 15 Januwale chaka chilichonse timangomva za kuukira kwa 1915. Ana anga m'kalasi akandifunsa chomwe m'busa John Chilembwe ankachita nkhondoyo isanachitike, ndimasowa chonena. Ndithandizeni. *Mphunzitsi wa ku Ndirande*

Yankho: Aphunzitsi, kuukirako kudayamba pa 23 Januwale 1915, ndipo pa 3 Febuluwale mwini wakeyo adaphedwa. Sipadathe milungu iwiri. Koma pa Mbombwe, ku Chiradzulu, Chilembwe adagwirapo ntchito pa mishoni yake ya Providence Industrial Mission (PIM) kuyambira 1900, ndipo zimatipweteka kuti zaka zimenezi ana sazimva.

Nzeru ya mishoni yodzidyetsa adayitola kwa Joseph Booth, m'mishonale wa ku England amene adafika kuno mu 1892 n'kutsegula Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, kufupi ndi Blantyre. Booth ankati mishoni isamadikire chopereka cha kunja: ilime, igulitse, phindu lake litsegule mishoni ina, kenako eni dziko aziyendetsa okha. Chilembwe ankagwira ntchito m'nyumba mwake, ndipo mu 1897 adapita naye ku America, kumene adaphunzira ubusa ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia.

Atabwerako adayamba ndi malo, maekala 93, chifukwa wokhala pa malo a mwini samanga chokhalitsa. Adatsegula sukulu ya ana ndi ya akuluakulu omwe, nalima khofi ndi thonje kuti mishoni izidzidyetsa. Mpingo wa anthu akuda a ku America wa National Baptist Convention udamutumizira Landon Cheek mu 1901 ndi Emma DeLany mu 1902. Mayi DeLany adayambitsa maphunziro a kusoka, ndipo mkazi wa Chilembwe, mayi Ida, adawapitiriza. Musaipeputse singanoyo: mtsikana wodziwa kusoka amadziveka yekha ndiponso amapeza kandalama kake. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chidatha mu 1913.

Ngakhale suti ndi chipewa zimene timaziona pa zithunzi zake zidali phunziro. Masiku amenewo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa akakumana ndi mzungu panjira. Chilembwe ankafuna kuti anthu ake azivala bwino ndi kuyenda osazyolika.

Funso: Ngati dongosolo lidali labwino chotero, chidalakwika n'chiyani? *Mayi wa bizinesi, Limbe*

Yankho: Mayi, inu a malonda mumva msanga. Mishoni yodzidyetsa imaima pa mbewu yogulitsa, ndipo khofi wa kuno adagwa: matenda adalowa m'minda, mtengo nawo udatsika chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil. Cheek ndi DeLany adabwerera kwawo mu 1906, thandizo la ku America lidali lochepa, ngongole zidakula. Mu 1909 Chilembwe ndi amalonda ena akuda adayesa kuphatikiza mphamvu m'bungwe la Natives' Industrial Union, koma silidakhalitse. Njala ya 1912 ndi 1913 idabwera pamwamba pa zonsezi.

Chachikulu koposa chidali nthaka. Ambiri mwa akhristu ake adali Alomwe ochokera ku Mozambique, okhala pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero, ndipo lendi yawo idali thangata, kugwira ntchito m'minda ya esiteti nthawi ya dzinja pamene yawo ikumera udzu. Munthu wotere mungamuphunzitse kuwerenga, koma nthawi yake ili m'manja mwa wina. Woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, adalamula kuti matchalitchi audzu a mishoniyo pa malowo atenthedwe, pamene m'menemo ndimo ana ankaphunzirira.

Chilembwe adayesabe njira ya cholembera. Mu Novembala 1914 adalembera nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda akufera nkhondo ya azungu imene sadzapindula nayo kanthu. Boma lidaitsekereza kalatayo. Patangotha miyezi iwiri, anthu ake adapha Livingstone ku Magomero, ena adathyola sitolo ya African Lakes ku Mandala kufuna mfuti, koma adatulukamo ndi zochepa chabe.

Funso: Kodi mishoniyo idathera pomwepo? *Wophunzira, Chilomoni*

Yankho: Ayi. Boma lidagwetsa tchalitchi chija n'kutseka mishoni, koma mu 1926 Dr Daniel Malekebu, mwana wa sukulu yomweyo amene adakaphunzira udokotala ku America, adaitsegulanso. Ndiyo PIM imene ilipo mpaka lero ku Chiradzulu.