Moto wosazima wa dashcam pa Leaf: yankho kwa achimwene a ku Luwinga

Achimwene mwafunsa kuti mutenge pati moto wosazima pa Nissan Leaf yanu, galimoto yoyendera magetsi ija, poti soketi ya laita imafa mukangozimitsa galimoto ndiye dashcam (kamera yojambula msewu) ndi tracker (kachipangizo kosonyeza komwe galimoto ili) zimathima nazo. Malo alipo, koma ndiyambe ndi awa akuti "ingotengani ku batire lalikulu". Ayi ndithu. Batire la pansi lija, loyendetsa galimoto, ndi la pafupifupi 360V, mawaya ake ndi a olenji aja, moto umenewo umapha. Wamagetsi akangoyandikira mawaya a olenji ndi pulayazi m'manja, tengani makiyi anu muzipita.

Zonse za mkati, mawindo, wailesi, malaiti, maloko, zimadya ku kabatire ka 12V kali mu boneti, kofanana ndi ka Vitz basi. Kusiyana kwake nkwakuti galimotoyi ilibe altaneta, chimene chimatchaja kabatireko ndi DC-DC converter, imatsitsa moto wa batire lalikulu kuti ufike pa mlingo wa kakang'onoko, ndipo ntchito yeniyeni imagwira galimoto ikakhala pa READY, kutanthauza yoyatsa, yokonzeka kuyenda. Ikazima imangowonjezerako mwa apo ndi apo, sizodalira.

Potenga moto ndi pawiri. Posavuta ndi pa OBD, kasoketi ka mapini 16 kali kunsi kwa chiwongolero kaja, pini 16 imakhala ndi 12V nthawi zonse, 4 ndi 5 ndi za earth. Zingwe zongolowetsa pamenepo zimapezeka. Koma tracker ine sindingaike apo, wakuba aliyense wodziwa galimoto amayambira pomwepo kusuzumira, kuzula kwake nkwa sekondi imodzi.

Ine ndimakonda ku bokosi la mafyuzi la mkati. Gulani fuse tap, kaja kolowa pamalo pa fyuzi nkukhala ndi mipata iwiri, wina wa fyuzi yakale wina wa yatsopano, yatsopanoyo ikhale yaing'ono, 3A kapena 5A yakwana. Pitani ndi fyuzi imodzi ya m'galimotomo ku shopu mukafanizire, masaizi ndi osiyana. Sankhani mzere wa nyale ya mkati kapena wa maloko, za airbag, ABS ndi mabuleki musayerekeze. Ndiye apa ndi pomwe ambiri amagwa: amazimitsa galimoto, kuika multimeter yoyezera moto, kuona 12V nkunena kuti tapeza. Mizere ina imakhalabe ndi moto kwa kanthawi kenako kompyuta ya galimoto nkuigoneka. Tsitsani windo, tsekani zitseko, lokani, kiyi mupite nayo kutali, kamweni tiyi, pakatha theka la ola muyezenso podzera pa windo osatsegula chitseko. Ukapezekabe, ndi umenewo. Waya wakuda muumange pa bawuti ya chitsulo cha bodi, osati pa mutu wa negative weniweni, pamenepo Leaf ili ndi sensa yowerenga moto wolowa ndi wotuluka, mukailambalala mawerengero ake amasokonekera.

Koma vuto lenileni si kupeza motowo, ndi kuusunga. Tiwerengere: kamera yodya 0.3A pa maola 24 yatha 7Ah ndi kakusefukira. Kabatire kamakhala ka 45Ah kapena kucheperapo kali katsopano, ndipo batire la asidi silifuna kutsika kudutsa theka, ndiye masiku atatu galimoto itangoima mwayandikira kale pamenepo. Nanga ngati ndi lomwe inabwera nalo kuchokera ku Japan, lakhala pa sitima, lakhala pa doko ku Dar, kudzalowa pa Songwe litatopa kale? Onjezani kuzizira kwathu kwa June ndi July kuno. M'mawa mudzadina batani, zii, chikhalirecho batire lalikulu lili 90%, chifukwa ma relay olumikiza batire lalikulu amayendetsedwa ndi ka 12V komweko. Kakafa, galimoto yonse yafa.

Nchifukwa chake osalumikiza waya wamba. Gulani hardwire kit, chingwe cholumikizira kamera ku mafyuzi, yokhala ndi cut-off, imadula yokha batire likatsika. Zambiri zimabwera zili pa 11.8V, ine ndimaona kuti mpotsika kwambiri, ikani pa 12.2V kapena 12.4V ngati ikulola kusintha. Tracker yokha ilibe nkhani, imadya pang'ono zedi, kamera ndi imene ili ndi njala. Ngati kunyumba kuli mpanda ndipo mumangofuna izijambula mukaimika pa msika kapena pa Katoto, ikani ya timer, maola angapo izizima yokha. Mukamapita kumudzi sabata yathunthu izuleni.

Tsiku lina kabatire kakadzakuphwerani, jampu ya 12V kuchokera ku galimoto ina iliyonse imadzutsa bwinobwino, mukatero isiyeni pa READY kwa kanthawi kabatire kabwerere. Koma Leaf yanuyo musamajampitsire nayo anzanu a ma Hilux, buku la Nissan limakana zimenezo.