Kudzala sagebrush pa lupsa kapena kutsata mathadzi? Yankho kwa mchemwali wa ku Nevada

Sabata yathayi ndalandira imelo kuchokera kwa mchemwali wina wakwathu amene akuchita digiri yachiwiri ya za nyama zakutchire kuno ku America. Aphunzitsi ake amupatsa mitu iwiri ya kafukufuku wa mbalame ya sage-grouse kuti asankhepo: kukadzala mbande za sagebrush pamalo amene anapsa kumpoto kwa Nevada, kapena kukatsata mathadzi ovekedwa GPS m'tchire lomwe likadali bwinobwino. Iye mtima uli pa kudzala, akuti kumeneko ndiye athandizadi mbalameyo m'malo momangoiyang'ana. Akufunsa ngati akuganiza bwino.

Achemwali, imelo yanu yandikhudza pachilonda. Mtima wofuna kugwira dothi ndi manja ndimaudziwa, ndipo sindingaunyoze. Koma mundilole ndiyambire kutali, chifukwa ambiri owerenga pano mbalameyi sanaionepo.

Sage-grouse ndi mbalame yoyenda pansi, yokhala ngati nkhanga koma yokulirapo, moti tambala wake amafika makilogalamu 3. Imapezeka m'zigawo 11 zakumadzulo kwa America ndi pang'ono ku Alberta ndi Saskatchewan m'dziko la Canada, ndipo chigawo chomwe chili nazo zambiri ndi Wyoming. Moyo wake wonse wagona pa chitsamba chimodzi, sagebrush, chotuwa, cha fungo lamphamvu, chofika m'mawondo kapena m'chiuno. Thadzi limaikira mazira pansi pake. Nthawi yozizira, chipale chofewa chikakwirira china chilichonse, mbalameyi imangodya masamba a chitsambachi basi, ndipo imanenepa nawo. Nthutumba yake ndi yofewa, siipera njere zolimba, ndiye musaganize kuti chitsambacho chikatha idzapulumukira m'minda ya tirigu.

Ntchito yanga yoyamba kuno inali yowerenga atambala pa lek. Lek ndi bwalo lomwe atambala amasonkhanapo m'bandakucha, kuyambira Malichi mpaka Meyi, kudzavinira mathadzi. Mumadzuka usiku, kuyendetsa galimoto m'misewu yamatope, kuzimitsa injini chapatali, n'kumadikira uku mukunjenjemera. Mumayamba kuwamva musanawaone: matumba awiri achikasu a pachifuwa amawafufumitsa ndi mpweya n'kuwaphulitsa, phokoso lake limafika kutali m'chigwa chopanda mphepo. Kukayera mumaona michira yosongoka itatambasuka, zifuwa zoyera zikukwera ndi kutsika. Mathadzi amangodutsa pakati mosalabadira, koma pamapeto pake ambiri amasankha tambala mmodzi kapena awiri okha pagulu lonselo. Mumawerenga, kubwerezanso, n'kulemba chiwerengero chachikulu. Mabwalo amenewa sasuntha, chaka ndi chaka mbalame zimabwerera pomwepo, n'chifukwa chake ena akhala akuwerengedwa kwa zaka zoposa 50. Ziwerengero zimenezi ndi zomwe a USGS, bungwe la boma la America lochita kafukufuku wa sayansi, motsogoleredwa ndi Peter Coates, anaphatikiza mu 2021 n'kupeza kuti mbalamezi zatsika ndi 80 peresenti kuyambira 1965, ndipo pafupifupi 40 peresenti kuyambira 2002.

Panali bwalo lina lomwe ndinkalikonda, m'mbali mwa kaphiri. Linapsa m'chilimwe. Chaka chotsatira atambala anabwera ndithu, n'kumavina pakati pa ziputu zakuda, ndipo anthu ena anasangalala kuti mbalame zapirira. Koma tambala amabwerera pabwalo chifukwa ndi pomwe akudziwa, kaya pali chitsamba choti thadzi libisepo mazira kaya palibe. Chiwerengero chinkangotsika, okalamba akufa popanda ana olowa m'malo, mpaka m'mawa wina ndinakhala m'galimoto kufikira dzuwa litakwera, n'kulemba ziro.

Pamalo omwewo ndi pomwe tinadzala. Tinkapita kumapeto kwa chaka, nthaka isanaume gwa ndi kuzizira, aliyense atakoleka thumba la mbande m'chiuno, khasu lopyapyala m'manja. Kutema, kulowetsa mbande, kuponda ndi chidendene, kuyenda masitepe angapo, kutemanso, tsiku lonse mphepo ikukuwombani kumaso. Mbande zina zodzalidwa pa lupsa kumadera amenewa zinkafesedwa ndi akaidi, kudzera mu ntchito ya Sagebrush in Prisons ya bungwe la Institute for Applied Ecology, ndipo anthu amenewo ankazisamalira ndi mtima wonse. Ifenso tinkagona titatopa koma okondwa. Zilimwe ziwiri zitadutsa ndinabwererako ndi mndandanda wa timbendera tomwe tinazika. Pa timbendera tambiri ndinapeza kamtengo kouma kofanana ndi chotokosera mano, pena osapeza kanthu. Ponseponse panali patadzaza udzu wofiirira wa cheatgrass. Zamoyo zinalipo, zowerengeka, makamaka kumbali ya phiri kosawomba dzuwa kwambiri. Koma lipoti la ntchitoyo linali litalembedwa kale ndi kulandiridwa. Linanena kuchuluka kwa mbande zomwe tinadzala ndi maekala omwe "tinakonza". Zoti zakhala moyo zingati palibe anafunsa, ndalama za ntchitoyo zinali zitatha.

Cheatgrass ameneyu muyenera kumudziwa musanasankhe mutu uliwonse. Ndi udzu wa chaka chimodzi wochokera ku Ulaya ndi Asia, unalowa kuno kumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Umamera mofulumira, nthawi zambiri kuzizira kusanayambe, n'kumwa chinyezi zomera zachikhalire zisanadzuke. Pofika Juni wauma kale. Kale pakati pa chitsamba ndi chitsamba pankakhala mipata, moto unkayenda pang'ono n'kuzima. Udzuwu wadzaza mipata ija, ndiye mphezi imodzi kapena kamoto ka munthu kamakwanira kuyatsa chigwa chonse. Sagebrush wamkuluyu akapsa saphukiranso pachitsa, amadalira njere, ndipo njere zake ndi ting'onoting'ono, timagwera pafupi ndi tsinde, sitikhalitsa m'nthaka. Kuti tchire libwerere pamafunika zaka makumi angapo, pomwe cheatgrass amabweretsanso moto pakangopita zaka zochepa. Moto wa Soda mu 2015 unatentha maekala pafupifupi 280,000 ku Idaho ndi Oregon. Wa Martin mu 2018, kumpoto kwa Nevada komweko, unatentha maekala oposa 435,000. Kodi gulu la anthu a matumba m'chiuno lingathamangitsane ndi zimenezo? Mu 2014 Robert Arkle ndi anzake a ku USGS anayendera malo 313 omwe anafesedwa moto utadutsa m'dera la Great Basin, dera lalikulu louma la ku Nevada ndi zigawo zoyandikana nacho. Sanapeze ngakhale amodzi omwe sagebrush wake anakwanira pa zonse zofunika kuti mbalameyi iswane.

Ndiye ndinene mosabisa. Kudzala pa lupsa kumakondedwa chifukwa kumajambulika. Wopereka ndalama amaona anthu atawerama ndi mbande, amamva chiwerengero chachikulu, mtima umakhala pansi. Kuteteza chigwa chomwe sichinapse kulibe chithunzi, poti chaka chino chikuoneka momwe chinkaonekera chaka chatha. Koma mbalame zili kumeneko. Ndipo ife akwathu tisanamizire kudabwa: chaka chilichonse nyengo yodzala mitengo ikayamba mu Disembala timamva za mamiliyoni a mbande, koma ndi kangati pomwe mwamva wina akulengeza kuti mwa zomwe tinadzala zaka zisanu zapitazo zamoyo ndi zakuti? Matendawa ndi amodzi. Lipoti lomwe linatuluka mu 2022, lokonzedwa ndi USGS ndi mabungwe ena, linati tchire labwino la sagebrush likutayika maekala pafupifupi 1.3 miliyoni pachaka, ndipo langizo lake lalikulu linali loti tiyambe tateteza malo omwe akadali athanzi, kenako n'kumawakuza kuchokera m'mphepete, osati kuthira ndalama pakati pa malo omwe cheatgrass watenga kale. Ine ndimagwirizana nazo kotheratu, ndipo amene akunena kuti kumeneko n'kutaya mtima sanayendepo ndi mndandanda wa timbendera.

Nanga chimagwira n'chiyani?

Zambiri zomwe zaoneka kuti zikuthandiza ndi ntchito zosaoneka ulemerero. Kudula mitengo ndi imodzi, ndipo ndikudziwa kuti kwa munthu wochokera kwathu mawu amenewa ndi owawa. Koma mitengo ya juniper ndi pinyon yakhala ikutsika m'mapiri kulowa m'zigwa za sagebrush, ndipo mbalameyi imathawa chinthu chilichonse chachitali chifukwa ndi pomwe pamatera akhwangwala odya mazira ndi ziwombankhanga. Kafukufuku wa ku Oregon wa mu 2013 sanapeze lek yamoyo pomwe mitengoyi yaphimba malo opitirira 4 peresenti. Komwe anaidula, cha ku mapiri a Warner, mathadzi anayamba kuikira m'malo odulidwawo pasanapite zaka zambiri. Chitsambacho chinalipo kale pansi pa mitengo, sipanafunike mbande.

Ina ndi mipanda ya waya waminga. Mbalamezi zimauluka chamunsi kukadali mdima popita pabwalo, n'kukadziwomba pa waya. Ku Idaho anayesa kukoleka tizidutswa toyera tapulasitiki pa waya wapamwamba, ndipo ngozi zinatsika ndi 83 peresenti. Ndinagwirapo ntchito imeneyo, kuyenda m'mbali mwa mpanda ndi chidebe cha tizidutswa, ndipo palibe ntchito ina inandipatsa chitsimikizo ngati iyo.

Koma zomwe mathadzi ovekedwa zida anatiphunzitsa kwambiri ndi za madambo. Anapiye sadya sagebrush masabata oyamba, amafuna ziwala, nyerere, tizikumbu ndi masamba ofewa. Chilimwe chikakula thadzi limawatsogolera, pena makilomita ambiri, kupita kumalo achinyontho. Malo amenewo sakwana 2 peresenti ya dera lonselo, ndipo ambiri ali m'minda ya alimi a ng'ombe, poti obwera oyamba anatenga malo amadzi n'kusiyira boma ouma. Ndiye amene amalankhula za alimiwa ngati adani ndimamuuza kuti akaone kaye mapu a komwe anapiye amakulira. N'zoona kuti ng'ombe zikadyetsedwa mopyola zimatsegulira cheatgrass njira, sindikukana. Koma mlimi akalephera n'kugulitsa munda, pamabwera nyumba, misewu ndi mapolo a magetsi. Ntchito ya Sage Grouse Initiative, yomwe NRCS, nthambi ya unduna wa zaulimi ku America, inayambitsa mu 2010, inazindikira zimenezi. Ku Gunnison m'chigawo cha Colorado, komwe kuli mtundu wina wa sage-grouse wocheperako thupi womwe unazindikiridwa kuti ndi wapaokha mu 2000, anthu akhala akuyala miyala m'zigwembe motsatira njira za Bill Zeedyk kuti madzi aziyenda pang'onopang'ono n'kulowa pansi, dambo libiriwire nthawi yaitali.

Za phokoso ndisaziiwale. Gail Patricelli wa ku yunivesite ya UC Davis, yemwe amadziwika ndi tizidole ta mathadzi toyenda pabwalo titanyamula kamera, ndi wophunzira wake Jessica Blickley, anaika zokuzira mawu pa ma lek a ku Wyoming. Pomwe ankaliza phokoso la makina obowola gasi atambala anachepa ndi 29 peresenti, pomwe ankaliza la magalimoto a pamsewu anachepa ndi 73 peresenti. Palibe chitsamba chinazulidwa, phokoso lokha. Izi zimandipweteka ndikaganiza momwe malamulo akhala akugwedezekera. Wyoming inayika malire pa ntchito za mafuta ndi gasi m'malo ofunika kwambiri mu 2008, bwanamkubwa ali Dave Freudenthal. Mu 2010 boma la America linavomereza kuti mbalameyi ikuyenera kutetezedwa ndi lamulo la zamoyo zomwe zikutha, koma linati pali zina zofunika kuyamba. Mu Seputembala 2015 nduna Sally Jewell analengeza kuti siilembedwa pa mndandanda wa zamoyo zotetezedwa ndi lamulolo, podalira mapulani atsopano a malo a boma. Mu 2019 mapulaniwo anafooketsedwa, woweruza wa ku Idaho n'kuimitsa kusinthako chaka chomwecho. Thadzi limabwerera kukaikira pafupi ndi pomwe linaikira chaka chatha, pomwe malamulo oteteza malowo amasintha boma likasintha. Pamikangano yonseyi chomwe chimamveka patebulo ndi madontho a GPS osonyeza kuti apa pali chisa, apa anapiye amadutsa, apa zimakhala nthawi yozizira. Kumeneko si kungoyang'ana mbalame, achemwali.

Ndiye yankho langa ndi loti tengani mutu wa mathadzi. Digiri yanu ndi ya zaka ziwiri, mbande simudzaiona itafika poti thadzi lingabisalepo. Ngati mtima wakakamirabe pa kudzala, pemphani aphunzitsi anu kuti m'malo modzala zatsopano mukayendere malo omwe anadzalidwa zaka 10 kapena 20 zapitazo, muone zomwe zinakhala moyo, pa nthaka yotani, pamtunda wotani, komanso ngati mathadzi amafikako. Musanasaine kalikonse funsani ngati ndalama za zida za GPS zilipo kale komanso ngati zilolezo zogwirira mbalame zatuluka. Kugwirako kumachitika usiku, ndi tochi yamphamvu ndi ukonde wa chogwirira chachitali, choncho gulani nsapato ndi majekete enieni, phunzirani kuyendetsa galimoto m'matope ndi kusintha tayala nokha, ndipo geti la mlimi muzilisiya momwe mwalipezera.