Mayina a Chilatini aja musawaope, ingodziwani pomwe pali misampha

Mwafunsa kuti mayina a tizilombo ngati Escherichia coli ndi Pseudomonas aeruginosa muziwatchula bwanji mu Chingerezi, poti aphunzitsi anu awiri amawatchula mosiyana ndipo mukuopa kusekedwa mukaimirira kutsogolo kwa kalasi. Khazikani mtima pansi, n'kutheka kuti onse awiriwo akukhoza.

Kachitidwe kopatsa chamoyo dzina la mawu awiri anakakhazikitsa ndi Carl Linnaeus wa ku Sweden, m'mabuku ake, Species Plantarum mu 1753 pa zomera, ndi Systema Naturae ya 1758 pa nyama. Nthawi imeneyo n'kuti Chilatini chili cha m'mabuku ndi m'tchalitchi basi, palibe amene ankachiyamwira. Mpaka lero malamulo a mayinawa amalimbikira za kalembedwe, za katchulidwe sasamala. N'chifukwa chake Mjeremani, Mtaliyana ndi Mngerezi amatchula dzina limodzi aliyense mwa kwawo, koma amamvana bwinobwino.

Komabe poti inu mukuyankhula Chingerezi, pali tinthu tingapo tomwe timakola ife olankhula Chichewa. Choyamba ndi ph. Diso lathu likamuona limafuna kumutchula ngati mu "phiri", pomwe m'mayinawa ndi f: Staphylococcus ndi "stafilokokas". Nayenso ch si wa mu "chala", kawirikawiri ndi k, monga Chlamydia, "klamidiya". Escherichia amazunguza chifukwa sch woyambayo ndi "sh" pomwe ch wachiwiri ndi k, ndiye mumati "esherikiya". Dzinali linachokera kwa dokotala wa ana Theodor Escherich, yemwe anafotokoza za kachilomboka mu 1885. Coli Angerezi amati "kolai".

P wakumayambiriro kwa ps, pt ndi pn amangokhala chete. Pseudomonas ndi "sudomonas". C ndi g akatsogozana ndi e kapena i amafewa, choncho aeruginosa ndi "erujinosa". Mathero a -idae amamveka "idii", a -aceae "eisii". Zimenezi mukazolowera kamodzi mwathana nazo.

Pomwe ndikufuna muikepo mtima kwambiri ndi potsindika. M'Chichewa pakamwa pathu panazolowera kukoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, ndipo timachita zomwezo ndi dzina lililonse lachilendo. Chilatini chimatero pokhapokha phatikizolo likakhala lalitali. Likakhala lalifupi, kutsindika kumabwerera m'mbuyo ku lachitatu. Ndiye udzudzu uja wa Anopheles ndi a-NO-fe-liiz, osati anofeLEsi, ndipo kachilombo ka malungo ka falciparum ndi fal-SI-pa-ram, osati falsipaRAmu. Munthu akhoza kukhululuka lembo limodzi lopotoka, koma mukatsindika polakwika amachita kukufunsani kuti mwati chiyani. Vuto lake n'lakuti kutalika kwa phatikizo nthawi zambiri sikuoneka pa pepala, ndiye apa palibe chidule: tsegulani mtanthauziramawu wokhala ndi mawu omvera, monga Merriam-Webster pa intaneti, mumve, mubwereze mokweza. Mokweza ndithu, chifukwa lilime siliphunzira ndi maso.

Mayina ochokera kwa anthu ndiwo alibe mwambo. Duwa la Fuchsia linatchedwa polemekeza Leonhart Fuchs, amene dzina lake limamveka "fuks", koma Angerezi amati "fyusha" ndipo palibe amene amawadzudzula. Salmonella si ya nsomba ija yotchedwa salmon ayi, ndi ya Daniel Salmon, dokotala wa ziweto wa ku America, ndipo l wake amamveka. Apa ingotsatirani momwe anthu a phunziro lanulo amatchulira.

Za aphunzitsi awiriwo, ine ndikanatsata amene adzakhale pansi n'kumachonga tsiku limenelo, osati chifukwa ndiye wolondola, koma khutu lake linazolowera zimenezo. Mukasankha katchulidwe kamodzi musasinthesinthe pakati pa nkhani. Dzina lalitali muliduledule papepala lanu ndi pensulo, phatikizo lotsindika mulilembe m'zilembo zazikulu. Mukalitchula lonse kamodzi, pambuyo pake n'zololedwa kungoti E. coli. Ndipo pa bolodi kapena pa kompyuta lilembeni mosaphonya: mawu oyamba ayambe ndi chilembo chachikulu, achiwiri chaching'ono, onse opendeketsa, kapena odula mzere kunsi ngati mukulemba pamanja. Pamenepo ndiye amadulapo malikisi.